Thukuta la Pakhomo Liwerengedwe Moona: Mfundo Zofunika

Funso loti ntchito za pakhomo ziwerengedwe ngati masewera olimbitsa thupi linayambira kutali, kumayiko kumene anthu amavala wotchi yowerenga mapazi n'kumalemba m'foni chilichonse cholowa m'kamwa. Lero lafika kwathu. Mwana wa kwa Champiti, m'boma la Ntcheu, amene ali pantchito ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, akauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi amayamba kuwerenga makalori, muyeso uja wa mphamvu zimene chakudya chimapereka ndi zimene thupi limagwiritsa ntchito. Sipatenga nthawi, amafunsa ngati kusesa, kuchapa, kukolopa ndi kupita kumsika nazo azizilemba ngati masewera olimbitsa thupi. Mayi ake kumudzi amakumana ndi funso lomweli kuchokera mbali ina. Akawapeza ndi BP amawauza kuti azichita masewera, iwo n'kubwerera kunyumba atagwira njakata, poti chidzukireni tambala woyamba sanakhalepo pansi. Onse awiri ayenera kuyankhidwa zoona.

1. Ntchito ya pakhomo ndi ya kumunda iwerengedwe, pakuti thupi silifunsa kumene thukuta latulukira.

Mtima sudziwa ngati mwini wake akuthamanga pabwalo la mpira atavala nsapato zodula kapena akukwera chitunda atasenza mtolo wa nkhuni. Umangodziwa kuti minofu ikufuna magazi ambiri. Malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azitakataka moti kupuma n'kusintha kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo amanena poyera kuti ntchito za pakhomo, kuyenda pansi, kupalasa njinga ndi ntchito yolembedwa zonse zimalowa m'chiwerengerocho.

Ndipotu umboni woyambirira wa ubwino wa kutakataka sunachokere ku jimu. Mu 1953 dokotala wa ku London, Jeremy Morris, anayerekeza madalaivala a mabasi osanja, amene ankakhala pampando tsiku lonse, ndi makondakitala amene ankakwera ndi kutsika masitepe podula matikiti. Makondakitala ankadwala mtima mocheperapo, ndipo chimene chinkawasiyanitsa ndi anzawowo chinali ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wina wa mayiko 168, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti ku Uganda ndi ku Mozambique, anansi athu aja a tsidya la msewu pa Lizulu, akuluakulu osakwana 6 pa 100 alionse ndi amene sankakwanitsa muyeso wa WHO, pamene ku Kuwait anali 67 pa 100. Zimene zinaika Mozambique pabwino ndi khasu, ndowa ndi mapazi.

2. Komabe ntchito sizilingana, ndipo kutanganidwa tsiku lonse si kukhetsa thukuta tsiku lonse.

Taonani m'mawa umodzi wa mu Januwale kwa Champiti. Mayi adzuka kusanache, afika pamjigo, apopa mpaka ndowa idzaze. Apinda chitenje chakale kukhala nkhata, anjuta, mnzake amusenzetsa. Malita 20 amenewo ndi makilogalamu 20 pakhosi, mwana ali kumsana, njira ili yoterera chifukwa cha mvula ya usiku, ndipo zala za kumapazi zikuchita kugwira matope kuti asagwe. Akatula abwereza. Kenako khasu paphewa, ulendo wokabandira chimanga, msana chiweramire mpaka dzuwa lifike paliwombo. Pobwera athyola nkhwani, atola nkhuni, asonkha moto, avundula nsima ya banja lonse, mthiko ukulimbalimba m'manja pamene ufa ukuwonjezeredwa. Madzulo akhala pamkeka kusankha nyemba ndi kutsuka mbale.

Zonsezi timazitcha ntchito, koma thupi limazilipira mosiyana. Akatswiri ali ndi muyeso wotchedwa MET. Munthu akangokhala phee amagwiritsa ntchito MET imodzi, yomwe ndi pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa ola. Pa ndandanda umene Barbara Ainsworth ndi anzake anayamba kufalitsa mu 1993, kutsuka mbale kuli cha m'ma 2, kusesa cha m'ma 3, kuchapa ndi manja cha m'ma 4, kukumba nthaka cha m'ma 5, ndipo kuwaza nkhuni mwamphamvu kumapitirira 6. Zimene zili pansi pa 3 ndi ntchito zopepuka. Zimathandiza chifukwa zimamudzutsa munthu pampando, koma mtima siziuthamangitsa kwenikweni. Wopanda ndandandawo ali ndi muyeso wake m'chifuwa: ngati kupuma kwafulumira, thupi latentha, koma kuyankhula mukutha, ntchitoyo ilembeni. Ngati mukutha kuigwira uku mukucheza momasuka ngati muli pakhonde, musaipatse ulemu wa kubandira.

3. Wowerenga makalori asadzinamize.

Mfundo iyi ndi ya achimwene ndi achemwali a m'tauni. Mayi wolemera makilogalamu 60 akangokhala pampando amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 60 pa ola. Akasesa kwa theka la ola amagwiritsa ntchito pafupifupi 90, ndipo 30 mwa amenewo akanapita ndithu ngakhale akanangokhala. Phindu la kusesako ndi 60 basi. Kapu ya tiyi ya masupuni aang'ono anayi a shuga yabweza kale zonsezo. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo botolo la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 lili ndi oposa pamenepo pang'ono. Munthu amene wakolopa nyumba n'kudzithokoza ndi chiwaya ndi botolo lozizira wadya zochuluka kuposa zimene wakhetsa.

Palinso msampha wina. Mapulogalamu a pafoni amayamba ndi kufunsa ngati ndinu wokhalitsa pansi kapena wotakataka, ndipo pa yankho lanulo amakuikirani kale makalori a kuphika, kusamba, kusesa ndi kuyenda m'nyumba. Mukalembanso ntchito zomwezo ngati masewera, muli ngati mlimi wolemba thumba limodzi la chimanga kawiri m'kope n'kumayembekezera kuti lifika mpaka Malichi. Ofufuza a ku University of Ulster ku Northern Ireland anapeza mu 2013 kuti anthu amene ankatchula kwambiri ntchito za pakhomo ngati masewera awo ndi amenenso anali onenepa kuposa anzawo. Iwo anaganiza kuti mwina anthuwo ankakulitsa ntchito imene agwira, kapena ankadya mowonjezera podzilipira. Wotchi nayo musaikhulupirire kwambiri. Ku Stanford mu 2017 anayesa mitundu 7 ya mawotchi otere. Kugunda kwa mtima ambiri ankawerenga bwino, koma pa makalori ngakhale yabwino kwambiri inkaphonya ndi 27 peresenti, ndipo yoipitsitsa ndi 93 peresenti.

Njira yoona ndi iyi: ntchito za masiku onse muzisiye m'yankho loyamba lija, ndipo muzilemba padera zokhazo zachilendo ndi zolemetsa, monga tsiku limene mwagalauza dimba kapena mwayenda pansi kuchokera kuntchito.

4. Thupi limazolowera, ndipo limadziwa kusunga.

Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake anayeza anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, amene amakhalira kusaka nyama, kukumba mizu ndi kufula uchi, kuyenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku. Aliyense ankayembekezera kuti amagwiritsa ntchito makalori ochuluka kuposa anthu a m'maofesi a ku America ndi ku Ulaya. Atayerekeza anthu a msinkhu ndi thupi lofanana, anapeza kuti kusiyana kwake kunalibe kwenikweni. Kale mu 1986 Geoffrey Maloiy wa ku Nairobi ndi anzake anali atapeza kuti amayi a Chiluo ndi Chikikuyu ankatha kusenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda kuwonjezera mphamvu zimene amayendera chimanjamanja. Kafukufuku wa pambuyo pake ku South Africa anasonyeza kuti si mayi aliyense ali ndi luso limeneli, komanso kuti ambiri khosi limawapweteka.

Phunziro lake ndi la kudzichepetsa. Thupi si sikelo yoti ukachotsa uku, uko kutsika molingana. Wofuna kuchepetsa thupi ayang'ane kwambiri m'mbale ndi m'kapu. Kutakataka achite chifukwa cha mtima, shuga, tulo ndi mafupa, zimene zimapindula ngakhale thupi lisanatsike ndi kilogalamu imodzi.

5. Wogwira ntchito adye.

Pano ndipo pagona nkhani kwa ife a kumudzi, ndipo ndi mfundo imene imandiwawa. Funsani abambo ambiri kuti akazi awo amagwira ntchito yanji, yankho limabwera msanga: “Sagwira ntchito, amangokhala pakhomo.” Mawu amenewa ali ndi zotsatira zake pamphasa yodyera. Amene akuonedwa kuti sagwira ntchito ndi amene amadya pomaliza. Agawira bambo, agawira alendo, agawira ana, iye n'kutsala ndi mkute wa m'mphika ndi msuzi. Pakapezeka dzira limodzi kapena kanyama, aliyense pakhomo akudziwa mbale imene kagwere.

Lipoti la mabungwe a FAO, WHO ndi UNU la mu 2004 lonena za mphamvu zimene munthu amafunika limaika anthu olima ndi manja, otunga madzi ndi kutola nkhuni kutali, m'gulu la ogwira ntchito yolemetsa. Ngakhale thupi limadziwa kusunga, pa kawerengedwe kawo mayi wa makilogalamu 60 wokhala muofesi amafunika makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku, pamene mnzake wa thupi lomwelo wa m'gulu lolemetsali amafunika 2,700 kapena kuposa. Akakhala woyamwitsa, pamafunika ena pafupifupi 500 pamwamba pake, ndipo woyembekezera wa miyezi yomalizira amafunikanso pafupifupi omwewo. Tsoka lake n'lakuti ntchito yaikulu ya kumunda imagwa m'miyezi imene nkhokwe zili mbee. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale munthu amapalira munda wake, amapaliranso wa mnzake pa ganyu kuti apeze kaufa ka tsiku limenelo, ndipo amagona atadya kamodzi.

Ku Gambia, m'midzi ya kufupi ndi Keneba, madokotala akhala akuyeza anthu kwa zaka zambiri ndipo anaona kuti m'nyengo ya mvula amayi amatsika thupi, ndipo ana obadwa nthawi imeneyo amabadwa opepuka. Atayamba kupatsa amayi oyembekezera mabisiketi a mtedza opatsa mphamvu, zotsatira zimene anafalitsa mu 1997 zinasonyeza kuti ana obadwa m'miyezi ya njala anawonjezera kulemera ndi magalamu pafupifupi 200. Mtedza umenewo ndi womwe uno timalima, umene nthawi zambiri timagulitsa wonse kwa mavenda osasiyako wothira m'phala ndi m'ndiwo za amene anaulima.

Choncho ngati pali munthu woyenera kuwerengeredwa makalori kwa Champiti, ndi mayi wa pamjigo uja, ndipo cholinga chake chikhale kumuwonjezera. Mwana wa m'tauni akaimba foni asakhutire ndi yankho loyamba. “Amayi, mwadya?” “Ndadya, mwana wanga.” Apitirize: “Mwadya chiyani, ndipo kangati lero?” Amayi athu sakonda kudandaula, ndipo ambiri amayamba afunsidwa kachiwiri asananene kuti chidyereni ndi dzulo madzulo.

6. Kulima si katemera wa BP.

Ambiri kwathu amati matenda a kuthamanga kwa magazi ndi shuga ndi a mabwana okhala pa mipando ya ndalema. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita mothandizidwa ndi WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, kumidzi momwe, ndipo ochuluka sanali pa mankhwala. Chakudza sichiimba ng'oma. Munthu amatha kulima ekala yonse, mawa lake n'kugwa pakhomo, dzanja ndi mwendo zitafa.

Ofufuza a ku Denmark, motsogozedwa ndi Andreas Holtermann, akhala akusonyeza kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse siiteteza mtima mofanana ndi masewera a nthawi yopuma. Masewera amakhala a mphindi zowerengeka, mtima umathamanga kenako n'kupumula. Ntchito imatenga maola ambiri, munthu atawerama kapena atanyamula, mtima uli m'mwamba pang'ono osatsika, ndipo mawa abwerezanso thupi lisanachire. Wotopa chotere mankhwala ake ndi kupuma, chakudya, kuchepetsa mchere kuti usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kusiya fodya, ndi kukayezetsa.

N'chifukwa chake ndikupempha alangizi a zaumoyo ndi madokotala athu kuti asanalamule masewera aziyamba afunsa: “Mayi, tandiuzani, mukadzuka mumachita chiyani mpaka kukagona?” Mphunzitsi, wogulitsa m'golosale ndi telala angafunikedi kuuzidwa kuti aziyenda. Mlimi angafunike kuuzidwa kuti ntchito yake yakwana kale, ndipo asinthe za mchere ndi kumwa mankhwala mosadumphitsa. Mawu amenewa ali ndi mphamvu. Mu 2007 Alia Crum ndi Ellen Langer a ku Harvard anatenga amayi 84 okonza zipinda m'mahotela. Ena anawafotokozera kuti ntchito yawo ikukwana pa muyeso wa masewera, ena sanawauze. Patatha milungu inayi, ouzidwawo thupi ndi BP zinatsikako. Kafukufukuyo anali wa anthu ochepa, koma amatikumbutsa kuti munthu akauzidwa zoona za ntchito yake amayamba kulisamala thupi lake mwa njira ina.

7. Katundu agawidwe.

Nyumba imodzi imatha kukhala ndi anthu awiri odwala mosiyana: mayi msana ndi khosi zatha ndi kusenza, bambo mimba yatuluka ndi kukhala pabawo. Mankhwala a onse awiri ndi amodzi. Bambo akamangirira zigubu ziwiri panjinga kupita kumjigo, ndipo anyamata akaphunzitsidwa kuwaza nkhuni ndi kuchapa zovala zawo, wina wapeza kupuma kumene amasowa, wina wapeza thukuta limene amasowa. Mwamuna wotunga madzi sanadyetsedwe mankhwala, ndipo akuluakulu a m'mudzi ndi a mpingo azinena zimenezi poyera.

8. Zimene chitukuko chachotsa m'thupi zibwezedwe mwadala.

Sindikulirira mtondo. Chigayo chinapulumutsa mapewa a amayi athu, mjigo wapafupi unabweza atsikana kusukulu, ndipo kabaza wa njinga yamoto wafikitsa odwala ambiri kuchipatala nthawi ikadalipo. Zimenezi ndi madalitso, ndipo midzi imene ilibe iyenera kuzilandira. Koma chilichonse mwa izi chimachotsa thukuta limene makolo ankakhetsa osaliganizira, pamene mbale yatsala yomwe ija, ndipo yawonjezeredwa mafuta, shuga, mandasi ndi buledi. Mu 1999 James Levine wa ku Mayo Clinic anadyetsa anthu 16 makalori 1,000 owonjezera tsiku lililonse kwa milungu 8. Amene ananenepa pang'ono ndi aja amene matupi awo anawonjezera kutakataka kwa wamba, kuimirira, kuyendayenda, kugwiragwira tintchito. Tintchito timene timaoneka topanda pake, tikasowa tsiku ndi tsiku kwa zaka, kusowa kwake kumaonekera m'chiuno.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira muyeso, kuchokera pa 10 mu 1992, pamene 7 pa 100 anali owonda kwambiri. Mavuto onse awiri ali m'dziko limodzi, nthawi zina m'banja limodzi. Ndipo chikhalidwe chathu chimakometsa limodzi mwa iwo. Mkazi akabwera kumudzi atanenepa timamuyamikira kuti akumusunga bwino, ndipo zaka za mliri wa Edzi zinatiphunzitsa kuopa kuwonda kulikonse. Munthu amene akuyesetsa kuchepetsa thupi pa malangizo a dokotala asanyozedwe kapena kunong'onezedwa.

Kubweza thukuta sikulira ndalama. Ife a kwa Gomani tili ndi ngoma, imene mwamuna amaponda pansi mpaka fumbi koboo, ndipo amayi ali ndi msindo ndi uyeni. Pali mpira, pali ntchemberembaye, pali kwaya yovina. Wa m'tauni atha kutsika minibasi siteji imodzi isanakwane yake, kulima kadimba kuseri kwa nyumba, kapena kudzichapira yekha Loweruka m'malo mosiyira zonse mtsikana wantchito, amene nayenso thupi lake limatopa ndipo ayenera kudya mokwanira m'nyumba imene akutumikira.

9. Ulemu usawalande agogo miyendo.

Timakonda kunena kuti, “Agogo, khalani pansi, tichita ndife.” Mtima wake ndi wabwino, ndipo pa ndowa yodzaza, mtolo wa nkhuni ndi khasu la tsiku lonse mawuwo ndi oyenera. Agogo ambiri kwathu akulera adzukulu amasiye ndipo akusenza katundu woposa msinkhu wawo. Amenewo athandizidwe msanga. Koma pali agogo ena, makamaka otengedwa kukakhala kwa ana awo m'tauni, amene amalandidwa chilichonse. Tsache awalanda, mphika awalanda, chipata chatsekedwa, atsala ndi mpando ndi wailesi ya kanema. Pakangopita miyezi yochepa, munthu amene ankayenda yekha kupita kutchalitchi amayamba kudzuka mogwira khoma.

Minofu ya munthu wokalamba imafota msanga ikasiya kugwira ntchito, ndipo kugwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno kwagoneka okalamba ambiri osadzukanso. Malangizo a WHO aja amati a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa minofu ndi zothandiza kuima osadzandira masiku atatu kapena kuposa pa sabata. Kudzuka pamkeka, kusesa pabwalo, kuthirira mbewu ndi kachitini, kutsegulira mbuzi, kuyenda kukazonda mnansi wodwala, zonsezi zimagwira ntchito imeneyo. Muwasiyire ntchito zopepuka zimene akuzikonda, muwachotsere zolemetsa zokha, ndipo akafuna kuyenda, mdzukulu awaperekeze.